Mchere Wonenepa wa ku Madimba

Kalekale, kale lomwe nyama zinkamanga mizinda ndi kutsatsa malonda pamsika, kunali Nguluwe wina wogulitsa mchere. Senderani kuno ana inu. Nanunso akuluakulu muli kumbuyoko, lekani kaye manong'onong'o, nkhaniyi ndi yanunso.

Ndati wogulitsa, koma pamenepo ndamulemekeza. Mcherewo sankaphika yekha. Ankadikira akamba a kudambo akande dothi, atcheze, aphike mpaka maso psuu ndi utsi, ndiyeno iye n'kutulukira ndi chimphuno chake, hng'u hng'u, n'kusenza zonse. Thumba lake linali lalikulu, loti mbuzi n'kugonamo. Pambali pake ankamangirira chikwatu cha mfutso, nachonso cholanda kwa agwape.

Tsiku lina Nguluwe anagubuduza chipika chowola n'kupeza banja la nkhono. Bambo wa banjalo, Nguluwe anamuponya m'kamwa pomwepo, kukutu kukutu, osafunsa ndi dzina lomwe. Anatsala mayi, dzina lake Nankhono, ndi tiana take tating'onoting'ono ngati nyemba.

"Iti ndi tizigoba tokhatokha," anatero Nguluwe akutinunkhiza. "Ndititafune lero, ndingotopetsa nsagwada. Iwe lera tianati. Mvula yoyamba ikadzagwa, tidzakhala titanona. Tsiku limenelo ndidzayamba ndi ana, iwe udzakhala wotsukira m'kamwa."

Nankhono sanalire. Ndi mantha, misozi inasowa potulukira.

Tsono Nguluwe anali ndi khola lake lachilendo. Paulendo ankawatsekera m'chipanda. Akafika pogona ankawakhuthulira pansi, n'kutapa mchere m'thumba, n'kuuthira mozungulira ngati mpanda. Inu mukudziwa zimene mchere umachita kwa nkhono. Ukangokhudza thupi, thovu fwaa, ululu ngati moto, nkhono n'kumasungunuka ikuona. Mpandawo unali waufupi, woti nyerere n'kuulumpha, koma kwa Nankhono ndi ana ake linali linga losakwereka.

Chilimwe chitayamba, moto wolusa unadutsa m'nkhalango monse. Kunatsala lupsa lokhalokha, mthunzi osaoneka. Nyama zonse zinamanga katundu kuti zikakhale kumzinda mpaka dzinja. Mizinda inalipo iwiri. Wina unali pamwamba pa phiri, dzina lake Chitunda. Wina unali kuchigwa, pakati pa madambo ndi nthochi, dzina lake Madimba.

Atafika pamphambano, Nguluwe anatula thumba, dii! Anatsegula chipanda.

"Iwe Nankhono, amati tinyanga takoto timamva nyengo isanafike. Tandiuza. Mwamvu wa chaka chino, nyengo yotenthayi, ndikaupirire kuti?"

Nankhono anatulutsa tinyanga take, kena kuloza kuphiri, kena kuchigwa. Mphepo ya kuphiri inali youma gwa. Ya kuchigwa inali yolemera, yonunkhira matope. Mtima wake unathamangira kuchigwa, pakamwa n'kutsatira asanaganize.

"Ku Madimba, bambo. Dzuwa la kumeneko silibaya, limabisala m'nthunzi."

Nguluwe anaseka mpaka mimba gwedegwede. "Ndimadziwa! Ukufuna konyowa kuti uzikwawa bwino. Ukundiyesa mwana ine? Poti wati Madimba, tikupita ku Chitunda."

Nankhono anadziluma lilime. Anazindikira kuti walankhula msanga, ndipo kulankhula kwakeko kukawapha ana ake.

Anakwera phiri. Ku Chitunda kunali kokongola, abale, tisaname. Masana dzuwa linkabaya pamsana, koma ukangolowa pansi pa mtengo, kamphepo yaziyazi. Madzi a mumtsuko ankazizira okha. Nsalu ukachapa m'mawa, usanamalize kusesa pabwalo yauma. Eni mzinda anali ndi milomo yong'aluka ndi zidendene zaming'alu, koma ankagona tulo tabwino. Nguluwe anapeza mthunzi wa mkuyu pafupi ndi msika, anathira mpanda wake wa mchere, n'kudzigwetsa pansi.

"Eyaa! Uku ndiye kwathu," anatero akudziwongola. "Kuno sindichoka."

M'kati mwa mpanda munali maliro osalira. Mphepo imene inkasangalatsa Nguluwe inkamwa madzi m'matupi a ana. Nankhono ankawazungulira mmodzimmodzi.

"Tsekani khomo, sungani malovu. Tsekani khomo, sungani malovu."

Ana analowa m'zigoba n'kumata pakhomo. Koma tiana tating'ono tilibe malovu ambiri. Kamwana kotsiriza, dzina lake Kadzuwa, chomata chake chinang'aluka, kenaka chinang'alukanso. Nankhono ankamata ndi malovu ake, mpaka iye mwini thupi linayamba kukwinyika. Akagogoda pachigoba cha Kadzuwa, yankho linkabwera mochedwa, ndipo tsiku lililonse linkachedwerachedwera. Mpanda wa mchere unali mbee, wouma, wosasuntha. M'mphepo yotere ukanakhala choncho mpaka chaka chamawa.

Nankhono anayang'ana mpanda, anayang'ana thumba. Anayang'ananso thumba. Chingwe chomanga pakamwa pake, chimene chinali chokungika pobwera, tsopano chinali lendelende. Mchere wa akamba uja unalandidwa usanaumitsitse, ndipo mphepo ya kuphiri inali ikuumitsa. Nankhono anaganiza, n'kuganiza. Ulendo uno anadziletsa, anadikira mpaka Nguluwe atakhuta.

"Bambo Nguluwe, malonda akuyenda ndithu. Ndakondwa nanu."

"Malonda ati? Sindinagulitse ndi kambulu komwe. Ndikudikira mtengo ukwere."

"Oo. Pepani, ndiye kuti maso anga atha ndi dzuwa."

Nguluwe anatembenuka, anatembenukanso, tulo osabwera.

"Waona chiyani?"

"Palibe, bambo. Mungati ndikufuna konyowa."

"Ndati waona chiyani!"

"Thumba lanu laonda."

Nguluwe anadzambatuka. Analigwira uku, analigwira uku, analinyamula, analitula. "Bodza! Ukundinamiza kuti nditsike kuchigwa."

"Musandikhulupirire ine, bambo, ine ndili ndi ana. Funsani mwala. Mwala sufuna konyowa kapena kouma."

Nankhono anamuuza chochita. Nguluwe anamanga mtengo wautali ndi chingwe pakatikati, n'kuupachika panthambi ya mkuyu. Mbali ina anakolekako thumba. Mbali ina anayesa miyala, uwu wachepa, uwu wakula, mpaka anapeza wolingana ndi thumbalo, mtengo n'kuima chopingasa bwinobwino. Ndiyeno anakhala pansi n'kumalondera, maso tong'o, osalola ngakhale ntchentche kutera pathumba.

Dzuwa linatuluka, linalowa, linatulukanso. Mphepo inkangowomba, fyuu, fyuu. Pang'onopang'ono mwala unayamba kutsika, thumba n'kumakwera.

"Akuba!" anakuwa Nguluwe. "Mzinda wa mbava uno!"

Gulo, mwini mwala waukulu wa pamsikapo, anadzutsa mutu wake wabuluu n'kugwedeza. "Mukutukwana ndani, alendo? Kuno kulibe wakuba. Ndi mphepo imeneyo. Chilichonse kuno chimapepuka, nkhuni, chimanga, ngakhale ife eni ake. Zimene zikuchokazo ndi madzi chabe, mchere wanu uli momwemo, ndipo ukukoma kuposa..."

"Wamva?" Nguluwe anatembenukira kwa Nankhono, mawu otsirizawo osawamva n'komwe. "Wavomera yekha! Mphepo ya kuno imadya katundu wa eni!"

"Inetu ndati madzi," anatero Gulo.

"Madzi ake ndi a ndani? Si anga? Analowa m'thumba la amako?"

Gulo anangogwedeza mutu n'kuzembera kuseri kwa mwala.

Nankhono analankhula mozizira. "Nanga titani, bambo, poti kuno mumagona bwino. Kupepuka pang'ono si kanthu. Zoti ku Madimba mpweya umanenepetsa katundu, zisiyeni, n'zonena anthu."

"Umatani?"

"Amati thumba ukaligoneka madzulo, m'mawa umalipeza litalemera. Koma kumeneko n'kotentha moipa, bambo. Kutentha kwake kumakutsata mpaka mumthunzi. Simungakuthe inu."

Taonani, ana inu, sanamunamize ngakhale pang'ono. Zonse anamuuza. Koma wadyera ali ndi khutu limodzi lokha, ndipo limamva za kulemera basi.

"Sindingakuthe ine? Nyamuka!"

Asanatsike, Nguluwe anadzera kwa Gogomole, mmisiri wa matabwa, n'kulanda chitseko cha mlombwa pamodzi ndi mphuthu zake. Chinali chouma bwino, chopalidwa mwaluso, cholowa m'mphuthu popanda mpata woti tsitsi n'kudutsa. Anati mchere wake ukayamba kunenepa, safuna maso a anthu. Anasenza chitseko, thumba, chikwatu, mtengo woyezera, ndi mwala womwe uja. Ankatsika phiri ali wefuwefu, Nankhono ali m'chipanda akugogoda pachigoba cha Kadzuwa. Yankho silinabwere.

Atayandikira kuchigwa, mpweya unasintha. Unalowa m'chipanda wofunda, wonyowa, ngati nthunzi ya mumphika. Nankhono anagogodanso. Patapita nthawi anamva kakugogoda kakang'ono kuchokera m'kati. Pamenepo ndi pamene analira, mwakachetechete, kuti Nguluwe asamve.

Ku Madimba dzuwa silinkaoneka bwino, linali chabe kuwala koyera kuseri kwa nthunzi. Koma chitungu chake, mayo! Mphepo zii. Masamba a nthochi ali chilili, osagwedezeka. Nsalu zoyanikidwa dzana zinali zikadali zonyowa, zikununkha chuku. Ukapuma, umakhala ngati wafunda bulangete kumaso. Pamthunzi ndi padzuwa panalibe kusiyana.

Pamsika anakumana ndi Chule, woimba ng'oma wa mzindawo, akuwamba ng'oma yake pamoto chifukwa chikopa chinkangolefuka ndi chinyezi. Chule anaona thumba, ananunkhiza, maso n'kutuzuka.

"Achimwene, umenewo ndi mchere? Mwabwera nawo kuno? Nyengo ino?" Anayamba kuseka, kukhosi kukufufuma. "Kuno mchere timagula wa tsiku limodzi, kachikho kamodzi basi. Wochuluka choncho umayamba kulira, kenaka..."

M'chipanda muja Nankhono anamva zonse. Chule akangomaliza mawu amenewo, abwerera kuphiri, ndipo Kadzuwa sakafika wamoyo. Anakuwa ndi mphamvu zake zonse.

"Bambo! Bambo Nguluwe! Gwirani thumba! Ayamba kale kukunyengererani kuti muwagulitse motchipa!"

Nguluwe anakumbatira thumba n'kuonetsa mano. "Choka apa, chimaso! Wa tsiku limodzi, eti? Mumagula pang'onopang'ono chifukwa ndinu amphawi. Nsanje basi!"

Chule anayang'ana chipanda chimene munachokera mawu, anayang'ana Nguluwe, n'kumeza mawu ake. "Chabwino, achimwene. Takulandirani," anatero, n'kubwerera kung'oma yake.

Nguluwe anathamangitsa akanyimbi m'nyumba yawo ya miyala kumapeto kwa mzinda. Anazula chitseko chawo chabango n'kuikapo chake cha mlombwa. Chinalowa bwino, khwee, n'kutseka tswii. Ndiye anaona kabowo m'munsi mwa khoma, kumbali yotsetsereka. Nyumba zonse za ku Madimba zinali ndi kabowo kotero kotulutsira madzi mvula ikalowa. Nguluwe anatola dothi kuti amate.

"Matani ndithu, bambo," anatero Nankhono. "Kungoti sindikudziwa kuti mpweya wonenepetsa uja uzilowera pati."

Nguluwe anaima, dothi lili m'manja. Analitaya. Anathira mpanda wa mchere pakati pa nyumba, anakhuthuliramo nkhono zake, n'kupachika mtengo uja kudenga, uku thumba, uku mwala.

Sipanatenge nthawi. Thumba linayamba kutsika. Linafika polingana ndi mwala, linapitirira, mwala n'kukwera m'mwamba ngati chipande chopanda kanthu. Nguluwe anavina, nyumba yonse gudugudu.

"Ukunenepa! Mchere wanga ukunenepa! Osagula, osaphika, osalanda n'komwe!"

Anavina pang'ono n'kugwa pansi, lilime panja. Thupi lake lonenepa linkapsa m'kati, potulukira kutentha palibe. Tulo sankagona. Chakudya sichinkalowa. Udzudzu unkamuimbira m'makutu. Koma akatsegula diso n'kuona thumba litatsikanso, ankamwetulira. Kunja sankatuluka, kuopa akuba. Chitseko chinakhala chotseka masiku onsewo, chikumwa chinyezi mwakachetechete.

Ana a Nankhono anatsegula makomo, anatulutsa tinyanga, anayamba kudzaza m'zigoba. Chimenechi chinali chimwemwe, komanso chinali choopsa, chifukwa Nguluwe ankawayang'ana n'kumameza malovu. Mpanda uja unasiya kuyera, unachita madontho, unaphwa, mpaka unasanduka mzere wakuda wonyowa pansi. Nankhono anayesa kuukhudza ndi nsonga ya thupi. Anabwerera msangamsanga, thovu lili fwaa. Mchere unali utabisala m'dothi, koma ukali wake unali womwewo.

Kenaka thumba linayamba kudontha. Tho. Tho. Tho.

"Nanga ichi n'chiyani?" anafunsa Nguluwe, maso atachepa.

"Inu mukakhuta kwambiri, simutuluka mafuta pakhungu?" anayankha Nankhono.

Nguluwe anaganiza. Zinamveka zoona ndithu. Anaika chikho pansi kuti mafutawo asatayike.

Tsiku lina masana kunja kunada bii. Chitungu chinafika poti ngakhale ntchentche zinaleka kuuluka. Kutali kunamveka gugudu, gugudu. Tinyanga ta Nankhono tinanjenjemera, ndipo anadziwa kuti mvula yoyamba igwa lero lomwe, dzuwa lisanalowe. Nguluwe nayenso anamva.

"Lero ndi lero," anatero akunyambita milomo. "Nditsegule mfutso wanga, ndidyere pamodzi ndi tiana tonona."

Anamasula chikwatu. Fungo linabuka, guu! Mfutso wonse unali utamera ubweya wobiriwira, masamba atamatana, akutuluka madzi. Analawa, analavula, anatukwana agwape ndi makolo awo omwe. Mokwiya anatapa mfutsowo n'kuuponyera kumpanda.

"Idyani inu zonyansazi, mumalize kunona! Dontho loyamba likangogunda padenga, mundidzutse ndi kulira kwanu."

Anadzigwetsa pafupi ndi khomo, wefuwefu, ndipo kutopa kwa masiku osagona kunamugonjetsa. Mkonono unayamba.

Nankhono anayang'ana pamene mfutso unagwera. Tsamba lina lalikulu la nkhwani linagwa kunja kwa mzere, nsonga yake n'kukhala pamwamba pa mzerewo. Koma silinafike m'kati. Panatsala kampata ka dothi lamchere, kotalika ngati thupi lake lomwe. Anayesa kukankhirapo masamba a m'kati, koma anali ofewa, ankangophwanyika n'kumwa mchere. Gugudu uja anamvekanso, tsopano pafupi.

Anaitana ana ake monong'ona. "Mverani. Ine ndigona apa. Inu mukwere pamchira panga, mudutse pachigoba, mutsikire pamutu, mufike patsamba. Mukatsika, lunjikani kabowo kali apo. Osayang'ana m'mbuyo. Mukamva ndikubuula, si za inu."

"Amayi, mupsa," anatero Kadzuwa.

"Ndati si za inu."

Anadzitambasula n'kugona pamcherepo.

Abale, ululu umenewo sindingathe kuufotokoza. Thovu linatuluka mbali zonse. Thupi lonse linkafuna kudzikokera m'chigoba, koma Nankhono analuma nsonga ya tsamba n'kugwiritsa. Mwana woyamba anakwera. Inu mukudziwa mayendedwe a nkhono. Ngakhale nyumba ikupsa, nkhono siithamanga. Anakwera, nang'anang'a, anadutsa, anatsika. Wina anakwera. Wina. Nguluwe anasiya mkonono, anagwedeza khutu, ana onse n'kuuma pomwe analipo. Mkonono unayambiranso. Wina anakwera.

Kadzuwa anali womaliza. Atafika pamwamba pa chigoba cha mayi wake, padenga panamveka kuti pha! Dontho loyamba. Kenaka pha, pha, pha.

"Tsika, mwanangu, tsika," anatero Nankhono.

Kadzuwa anatsikira patsamba. Nankhono anadzikoka, thupi likukana, anadzikokanso, mpaka naye anakwera patsamba. Kumimba kwake konse kunali chilonda. Ana akutsogolo anali atafika kale pakabowo, akutuluka mmodzimmodzi. Iye ndi Kadzuwa anali pakati pa njira.

Mphezi inang'anima, bingu n'kuphulika pamwamba penipeni pa nyumba. Nguluwe anadzidzimuka n'kulumpha, mutu wake n'kugunda thumba lija. Thumbalo linali litaola kale kunsi ndi madzi a mchere. Linang'ambika, phwaa! Munalibe mchere wa mibulu m'menemo. Munatuluka phala loyera ndi madzi, n'kumukhuthukira kumaso. Mwala uja, posowa mnzake, unagwa n'kumutera pachiboda.

"Mayo maso anga! Mayo mwendo! Mchere wanga! Nankhono, mfiti iwe!"

Apa ndi pamene Nankhono anaona chimene sanachiganizire. Kabowo kaja kanali kotulutsira madzi, ndipo pansi ponse panapendekera komweko. Madzi a mchere anayamba kuyenderera, akulondola njira yomweyo imene iye ndi mwana wake ankakwawa. Kumbuyo madzi, chapatali Nguluwe akupapasa pansi ndi ziboda, phwa, phwa, kufuna choti aphwanye.

"Kwera pa ine!"

Kadzuwa anakakamira pachigoba cha mayi wake. Nankhono anakwawa ndi mimba yachilondayo. Chiboda chinatera pafupi, dothi n'kumuwazikira. Madzi anamupeza ali pakamwa pa kabowo. Anamuwotcha kumchira, anamuzungulira, anamunyamula. Iye analowetsa mutu, anasiya chigoba chiyandame mwana ali pamwamba, ndipo madzi omwewo anawakankhira kunja, n'kuwagwetsera m'ngalande.

Kunja mvula inali ikukhuthuka, waaa! Madzi ozizira, opanda mchere, anamusambitsa thupi lonse. Nankhono anagona pomwepo osatakataka, ana ake atamuzungulira, akumugwedeza ndi tinyanga. Mvula inamutsuka, inamutsukanso. Kenaka kanyanga kamodzi kanatuluka pang'onopang'ono. Anawayang'ana onse, kuyambira wamkulu mpaka Kadzuwa. Panalibe wosowa.

M'nyumba muja Nguluwe anapeza chitseko n'kukoka. Chitseko chili nji. Anakankha. Chili nji. Mlombwa wouma wa ku Chitunda unali utamwa chinyezi cha ku Madimba mpaka kufufuma, n'kulumana ndi mphuthu zake ngati mtengo umodzi. Anabwerera m'mbuyo kuti achigunde ndi mutu, anaterereka m'phala la mchere, chagada, dii! Anadzuka, anathamanganso, anaterereka. Anakuwa kuti amutsegulire. Chule ndi anzake anali pabwalo akuimbira mvula, ndipo akuti sanamve kanthu. Kaya sanamvedi, kaya, ine kunalibe.

Posowa chochita, Nguluwe anayamba kufukula pansi pa khoma ndi mphuno. Anafukula, anafukula, mchere ukumulowa m'maso ndi m'mabala. Pomwe ankatulukira kunja, mphuno itaphwatalala, Nankhono ndi ana ake anali atalowa kale m'munda wa nthochi. Ndipo mvula yoyamba ikagwa ku Madimba, nkhono zimatuluka paliponse, pamasamba, pamakoma, panjira. Akanayambira pati kufunafuna? Analibenso mphamvu. Anadzikoka mpaka pachithaphwi n'kudzigwetsa m'matope kuti thupi lizizire.

Chule anamupeza ali momwemo, maso ofiira, chiguduli cha thumba chili pakhosi.

"Pepanitu achimwene. Nanga mubwerera ku Chitunda?"

"Koma linalemera," anatero Nguluwe. "Unaliona iwe? Linalemera ndithu."

Mpaka lero akadafukulabe pansi ndi mphuno, ndipo kukatentha mumupeza m'matope.

Nankhono anachira, koma kumimba kwake sikunaumenso. Paliponse podutsa ankasiya mzere wonyowa wonyezimira, ndipo ana ake ankayenda pamzerepo, chifukwa pamene mayi wadutsa sipawotcha. Mukadzaona mzere wotere pakhoma m'mawa, musadzaupale ndi phazi.

Tsono inu akuluakulu amene mukumanga katundu chaka chino, mukufunsa aliyense kuti kwabwino n'kuti, kumtunda kapena kuchigwa. Funsani ndithu. Koma wokuyankhaniyo muyambe mwamuyang'ana khungu, muone ngati likufanana ndi lanu. Ndipo ngati mwamutsekera ana ake m'khola, chonde, musamufunse za nyengo.

Nthano yanga yathera pomwepa. Phulani chinangwa chili paphulusapo chisanapserere.